Zoyenera kuchita disiki ikatsala pang'ono kudzaza pamene pali ma snapshot

Disiki ikadzaza, pulogalamu imene ikufuna kulemba imalandira uthenga wakuti No space left on device, umene pa Linux umadziwika ndi dzina lakuti ENOSPC ndiponso nambala 28. Anthu ambiri akangouona amathamangira kufufuta mafayilo akuluakulu, ndipo pa filesystem (dongosolo losungira mafayilo pa disiki) ngati ext4 kuchita zimenezi nthawi zambiri kumathandiza. Koma pa makina amene ali ndi ma snapshot (zithunzi za mmene deta inalili pa nthawi inayake), kaya ndi a ZFS, Btrfs, LVM kapena a virtual machine, mukhoza kufufuta fayilo ya 50 GB malo osabwerera ngakhale pang'ono, ndipo nthawi zina lamulo lenilenilo lofufutira mafayilo, la rm, limakana n'kunena kuti malo palibe. Choncho musanafufute chilichonse muyenera kudziwa chimene chagwira malowo, chifukwa malo amabwerera pokhapokha chimene chawagwira chikawasiya.

Gwero la zonsezi ndi mmene ma filesystem amenewa amalembera. ZFS, imene Sun Microsystems inatulutsa mu 2005, ndiponso Btrfs, imene inalowa mu kernel ya Linux mu 2009, salemba pamwamba pa deta yakale. Mukasintha fayilo, mabuloko (tizigawo ta deta pa disiki) atsopano amalembedwa pamalo ena opanda kanthu, kenako filesystem imasintha zolozera zake kuti ziloze kumabuloko atsopanowo, ndipo akale aja amamasulidwa ngati palibenso china chimene chikuwaloza. Kalembedwe kameneka kamatchedwa copy-on-write. Snapshot nayonso ndi cholozera: pa nthawi imene yatengedwa siidya malo, koma imagwira mabuloko onse amene analipo nthawi imeneyo, moti chilichonse chimene mungasinthe kapena kufufuta pambuyo pake chimatsalabe pa disiki. Ili ngati ngongole imene imayamba ili yochepa koma imakula tsiku lililonse limene deta yanu ikusintha. Kuwonjezera apo, kufufuta nakonso ndi kulemba, chifukwa filesystem iyenera kulemba metadata (kaundula wake wa mafayilo) yatsopano yosonyeza kuti fayiloyo kulibenso, ndipo metadata imeneyo imafuna mabuloko opanda kanthu.

Yambani mwaimitsa zimene zikulemba

Chinthu choyamba ndi kuimitsa ntchito imene imatenga ma snapshot yokha, kaya ili mu cron, mu timer ya systemd ngati snapper-timeline.timer, kapena mu pulogalamu ngati Sanoid. Snapshot ikatengedwa mphindi imodzi musanafufute mafayilo, imagwira zonse zimene mumati mufufutezo, ndipo ntchito yanu yonse imapita pachabe. Kenako imitsani mwadongosolo mapulogalamu amene akulemba kwambiri, makamaka database, pamene timalo tochepa tidakalipo toti amalizire zimene ayamba. Siyani windo limodzi la root (akaunti ya woyang'anira makina) lili chitsegulire, ndipo musafulumire kuzimitsa n'kuyatsanso makina, chifukwa mapulogalamu ambiri amafuna kulemba timafayilo tina poyamba ntchito, ndipo seva imene ili kutali ikhoza kubwerera muli osatha kulowamo.

Mukatero funsani makina kuti chimene chatha n'chiyani. Lamulo la df -h limaonetsa mabuloko, pamene df -i limaonetsa ma inode (timakaundula, kamodzi pa fayilo iliyonse), amene pa ext4 chiwerengero chake chimakhazikitsidwa pa nthawi yopanga filesystem. Foda imene yadzaza timafayilo ting'onoting'ono mamiliyoni ikhoza kumaliza ma inode onse disiki idakali ndi malo ambiri, ndipo uthenga wake umakhala womwewo wa ENOSPC. Ngati zimene df ikunena zikusiyana kwambiri ndi zimene du, lamulo lowerengera kukula kwa mafayilo, ikunena, yesani lsof +L1, limene limaonetsa mafayilo amene anafufutidwa koma pulogalamu ina ikadawatsegulabe. Fayilo yotere imagwira malo mpaka pulogalamuyo itaitseka, n'chifukwa chake log imene ikulembedwabe ndi bwino kuichotsa zam'kati ndi truncate -s 0 kusiyana ndi kuifufuta ndi rm. Ma log a systemd amachepetsedwa ndi journalctl --vacuum-size=500M. Pa ext4 palinso malo okwana 5 peresenti amene amasungidwira root, omwe pa disiki ya 2 TB ndi pafupifupi 100 GB, ndipo tune2fs -m 1 imamasula gawo lalikulu la malowo nthawi yomweyo. Pa disiki imene pali opaleting'i sisitemu muwabwezere mukamaliza, chifukwa ndi amene amathandiza kuti root azithabe kugwira ntchito ena onse atakanidwa.

Pali foda imodzi imene ndikupemphani kuti musaikhudze ngakhale zinthu zitavuta bwanji. Mu PostgreSQL, foda ya pg_wal imasunga mndandanda wa zosintha zimene database imadalira kuti idzuke bwino ikagwa, ndipo kufufuta mafayilo ake ndi manja kukhoza kuwononga database yonse. Kale fodayi inkatchedwa pg_xlog, ndipo dzinalo linasinthidwa mu PostgreSQL 10 mu 2017, mwa zina chifukwa anthu ankaiyesa foda ya ma log wamba n'kuifufuta disiki ikadzaza. Ikakula mopitirira, fufuzani ngati archive_command (lamulo lokopera mafayilowo kukawasunga kwina) ikulephera kapena ngati pali replication slot (chimene chimasungira seva ina mafayilowo mpaka itawalandira) imene inasiyidwa, chifukwa zimenezi ndi zimene kawirikawiri zimaletsa mafayilo akale kuchoka.

ZFS

Pa ZFS musadalire df. Lamulo la zfs list -o space limagawa malo a dataset iliyonse (filesystem kapena volume ya m'kati mwa ZFS), ndipo pansi pa USEDSNAP mudzaona malo amene agwidwa ndi ma snapshot. Pano pali msampha umene umasokoneza ngakhale anthu ozolowera ntchitoyi. Mukaona mndandanda wa ma snapshot ndi zfs list -t snapshot, nambala ya USED ya snapshot iliyonse imangowerenga mabuloko amene snapshot yokhayo yagwira, osawerenga amene ikugawana ndi inzake. Tiyerekeze kuti fayilo ya 40 GB inalipo pamene ma snapshot a Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu ankatengedwa, ndipo inafufutidwa Lachinayi. Atatu onsewa adzaoneka ngati sakudya malo, ndipo mukafufuta imodzi kapena awiri simudzapeza kanthu, koma mukafufuta onse atatu 40 GB yonse idzabwerera. Kusankha snapshot imene ikuoneka yaikulu pa mndandanda si njira yodalirika, ndipo ndi bwino kufunsa ZFS kuti iwerengere gulu lonse pamodzi musanachite kanthu:

zfs destroy -nv tank/deta@lolemba%lachitatu

Chilembo cha n chimatanthauza kuti palibe chimene chifufutidwe, ndipo lamuloli limangotchula ma snapshot amene akanachoka ndi malo amene akanabwerera. Mukakhutira ndi yankholo, chotsani n ndipo mulembenso lamulolo. Malo sabwerera onse nthawi imodzi, chifukwa ZFS imawamasula pang'onopang'ono, ndipo zpool get freeing imakuuzani amene atsala kumasulidwa. Dikirani nambala imeneyo ifike pa 0 musanaganize kuti mufufutenso ena.

Ngati mumatumiza deta ku seva ina ndi zfs send, musafufute snapshot yomaliza imene mbali zonse ziwiri zili nayo, chifukwa ndi imene kutumiza kotsatira kumayambirapo, ndipo ikasowa mudzayenera kutumizanso dataset yonse kuyambira pachiyambi. Ngati snapshot imeneyo ndi imene yagwira malo ambiri, pangani bookmark yake kumbali yotumiza ndi zfs bookmark, popeza bookmark siigwira mabuloko koma imakwanira kukhala poyambira. ZFS ikakana kufufuta snapshot, nthawi zambiri pamakhala hold (chiletso chofufuta) imene wina anaika kapena clone (kope lolembeka lochokera ku snapshot) imene ikuidalira. Musaikakamize ndi -R, chifukwa chilembo chimenechi chimafufuta ma clone omwe, ndipo clone ikhoza kukhala disiki ya makina amene anthu akugwiritsa ntchito. Chimene chimathandiza n'chakuti ZFS imabisa gawo laling'ono la pool (malo onse amene ma dataset amagawana), kawirikawiri losapitirira gawo limodzi mwa magawo 32, pafupifupi 3.1 peresenti, limene kulemba wamba sikungalowemo koma ntchito zomasula malo ngati zfs destroy zingaligwiritse ntchito.

Btrfs

Btrfs imagawa disiki m'zigawo zazikulu zotchedwa ma chunk, zina za deta, zimene kawirikawiri zimakhala za 1 GiB, ndi zina za metadata. Disiki yonse ikagawidwa kale m'ma chunk ndipo a metadata akadzaza, filesystem imakana kulemba ngakhale ma chunk a deta ali ndi malo ambiri m'kati mwake, n'chifukwa chake df ikhoza kuonetsa 100 GB yopanda kanthu pamene ngakhale kafayilo kakang'ono kakukanika. Lamulo loyenera ndi btrfs filesystem usage, ndipo mzere wofunika kuuyang'ana ndi wa Device unallocated. Ukayandikira 0, vuto lili pafupi ngakhale manambala ena akuoneka abwino.

Mankhwala ake ndi kusonkhanitsa deta imene yamwazikana m'ma chunk osadzaza kuti ena atsale opanda kanthu n'kubwerera kumalo osagawidwa. Yambani ndi btrfs balance start -dusage=0, limene limangochotsa ma chunk opanda kanthu ndipo silifuna malo osunthirako deta, kenako kwezani nambalayo kufika pa 5, 10 ndi 20, mukuyang'ana malo osagawidwa pambuyo pa ulendo uliwonse. Musayendetse balance yopanda malire pa disiki yodzaza, chifukwa imalembanso filesystem yonse, imatenga maola ambiri ndipo ikhoza kuima panjira ndi ENOSPC yomweyo. Balance ikakana, onjezerani kwa kanthawi chipangizo china cha ma GB ochepa ndi btrfs device add, yendetsani balance ija, kenako chichotseni ndi btrfs device remove. Chipangizocho chikhale chodalirika, osati disiki ya mu RAM, chifukwa pa nthawi yonse imene chili m'gulumo pakhoza kulembedwa metadata, ndipo magetsi akazima filesystem yonse ikhoza kuwonongeka. Ma snapshot afufuteni imodzi imodzi ndi btrfs subvolume delete, n'kudikira ndi btrfs subvolume sync, popeza kufufuta ambiri nthawi imodzi kumafuna metadata yambiri pa nthawi imene yasowa. Ngati anatengedwa ndi Snapper kapena Timeshift, afufuteni ndi pulogalamu yomweyo kuti kaundula wake asasokonekere.

LVM ndi ma virtual machine

LVM, imene imagawa ma disiki m'ma volume pa Linux, ili ndi mitundu iwiri ya ma snapshot, ndipo imalephera mosiyana kwambiri. Snapshot yachikale imapatsidwa malo ake pa nthawi yoipanga, ndipo buloko lililonse la volume yeniyeni lisanasinthidwe limayamba lakoperedwa kumalo amenewo. Malowo akadzaza, snapshot imakhala yosagwiranso ntchito ndipo siingakonzedwe, ngakhale volume yeniyeni imapitiriza bwinobwino. Ngati munaitenga kuti mudzabwererepo kusintha kwa mapulogalamu kukavuta, pobwerera panu pamakhala patatha popanda chokuchenjezani. Yang'anani Data% pa zimene lamulo la lvs likuonetsa ndipo muikuze ndi lvextend isanafike pa 100.

Mtundu wachiwiri, wa thin pool, ndi woopsa kwambiri chifukwa ma volume ndi ma snapshot onse amamwa m'dziwe limodzi, ndipo filesystem imene ili pamwamba siidziwa kuti dziwelo likuphwa. Lamulo la df likhoza kuonetsa kuti theka la malo lilipo pamene pool yadzaza. Zikatero kernel imaimika zolemba kwa masekondi 60, ndipo malo akapanda kuwonjezeredwa imayamba kuzikana, zimene zimachititsa kuti ext4 isiye kulola kulemba kapena XFS idzitseke yokha. Pa lvs muziyang'ana Data% ndi Meta% zonse ziwiri, ndipo metadata ya pool ikadzaza kukonza kwake kumavuta kuposa deta ikadzaza. Kuzani pool ndi lvextend, metadata yake ndi lvextend --poolmetadatasize, ndipo yendetsani fstrim -av kuti mabuloko a mafayilo amene munafufuta abwerere ku pool, ngakhale amene snapshot yagwira adzatsalabe. Mu fayilo ya lvm.conf, thin_pool_autoextend_threshold imabwera ili pa 100, kutanthauza kuti kukula kodzichitikira n'kozimitsa. Kuiika pa 70 kapena 80 n'kwanzeru, koma kumathandiza pokhapokha ngati volume group ili ndi malo otsala, amene vgs imaonetsa pansi pa VFree.

Pa virtual machine, snapshot imachititsa kuti zolemba zatsopano zizipita m'fayilo ina imene imakula pamwamba pa disiki yoyamba. Fayilo imeneyo musaifufute ndi manja, chifukwa muli zonse zimene zalembedwa kuchokera pa tsiku la snapshot. Kuichotsa moyenera kumatanthauza kuiphatikiza ndi disiki yoyamba, ndipo kuphatikizako nakonso kumafuna malo, choncho yambani mwapeza malo posamutsa zinthu zina. QEMU, pulogalamu yoyendetsa ma virtual machine, ikakumana ndi ENOSPC imaimitsa kaye makinawo m'malo mowauza kuti kulemba kwalephera. Makina oima chonchi musawazimitse mokakamiza: pezani malo pa seva yaikulu, kenako virsh resume idzawapitiriza pomwe anaimira.

Windows ndi macOS zimadzichotsera zokha ma snapshot akale malo akachepa. Pa Windows, vssadmin list shadowstorage imaonetsa malire amene anaikidwa, ndipo kuchepetsa malirewo kumafufuta makope akale, omwe mwina ndi okhawo amene mukanabwererapo. Pa macOS, tmutil listlocalsnapshots / imaonetsa ma snapshot a Time Machine, amene amasungidwa pa disiki kwa maola 24.

Kulemba kumene sikuwononga zakale

Kwa olemba mapulogalamu ndi ma script, ngozi yaikulu ya disiki yodzaza ndi kutaya zimene zinalipo kale. Pulogalamu ikatsegula fayilo yakale kuti ilembemo zatsopano, kawirikawiri imayamba yachotsa zonse za m'kati, ndipo kulemba kukalephera imatsala fayilo yopanda kanthu kapena yodukira pakati. Chizindikiro cha > mu shell chimachita zomwezo. Njira yotetezeka ndi kulemba zatsopano m'fayilo ina ya m'foda yomweyo, kuitana fsync (imene imakakamiza kuti zolembazo zifike pa disiki), kuonetsetsa kuti palibe chimene chalephera, kenako kuipatsa dzina la yakale ndi rename, n'kuitananso fsync pa fodayo. Malo akatha panjira, yakale imatsala yathunthu. Kumbukiraninso kuti write ikhoza kulemba gawo chabe la zimene mwaipatsa n'kubweza nambala yocheperapo popanda kunena kuti yalephera, ndipo pa NFS (mafayilo opezeka kudzera pa netiweki) kapena pa thin pool vuto likhoza kuonekera mochedwa pa fsync kapena pa close. Mu 2018 opanga PostgreSQL anazindikira kuti pa Linux fsync ikalephera kamodzi, kuiyesanso kukhoza kunena kuti zatheka pamene deta inatayika kale, ndipo kuchokera pamenepo database imeneyi imangoima n'kudzukanso kuchokera ku WAL, mndandanda wa zosintha uja wa mu pg_wal. Pulogalamu yanu nayonso iziona fsync yolephera ngati umboni wakuti zolembazo sizinasungidwe.

Kusungitsiratu malo ndi fallocate kumathandiza pa ext4 ndi XFS. Pa copy-on-write sikupereka chitsimikizo chokwanira, chifukwa snapshot ikangotengedwa, kulemba pamwamba pa malo osungitsidwawo kumafunanso mabuloko atsopano.

Malo a pangozi ndi chenjezo

Oyang'anira maseva ambiri amasunga fayilo yaikulu yopanda ntchito kuti adzaifufute pa tsiku la vuto, ndipo nzeru imeneyi ndi yabwino ngati ma snapshot sakuikhudza. Ikakhala mu dataset kapena subvolume (gawo lapadera la Btrfs) imene imatengedwa snapshot, kuifufuta sikudzabweza kanthu, ndipo ngati inadzazidwa ndi maziro pa filesystem imene imapanikiza deta, ndiye kuti sinatenge malo n'komwe. Pa Btrfs iikeni mu subvolume yakeyake, popeza snapshot siilowa m'ma subvolume a m'kati mwake. Pa ZFS sipafunika fayilo, chifukwa dataset yopanda kanthu imagwira ntchitoyi bwino kwambiri:

zfs create -o refreservation=20G -o mountpoint=none tank/nkhokwe

Pa tsiku la vuto, zfs set refreservation=none tank/nkhokwe imamasula 20 GB nthawi yomweyo.

Chenjezo limene limalira disiki ikafika pa 90 peresenti ndimaliona kuti n'losakwanira palokha, chifukwa silinena za liwiro. Disiki imene ili pa 85 peresenti ndipo siikusintha ili bwino kuposa imene ili pa 60 peresenti koma ikudya 10 peresenti pa ola. Malo amene ma snapshot amadya amadalira kuchuluka kwa deta imene imasintha ndi kutalika kwa nthawi imene mumawasunga: ngati 20 GB ya deta yakale imasinthidwa tsiku lililonse ndipo mumasunga ma snapshot a masiku 30, akhoza kugwira mpaka 600 GB ngakhale deta yeniyeni isakukula. Chifukwa cha zimenezi, ma log, ma cache ndi mafayilo osakhalitsa ayenera kukhala mu dataset kapena subvolume yosatengedwa snapshot. Pa ZFS anthu ambiri amayesetsa kuti pool isapitirire 80 peresenti, popeza ikadzaza kwambiri malo otsala amakhala odukaduka ndipo kulemba kumachedwa.

Malo akabwerera, ntchito imakhala isanathe, chifukwa mapulogalamu amene ankalemba pa nthawi yodzaza ija akhoza kukhala atasiya mafayilo odukira pakati. Lamulo la find /etc /var -type f -size 0 -mmin -180 limaonetsa mafayilo opanda kanthu amene anasinthidwa m'maola atatu apitawo, ndipo ma log a database ndi a mapulogalamu ena ayenera kuwerengedwa kuyambira pamene ENOSPC inayamba kuonekera. Kuyendetsa zpool scrub kapena btrfs scrub n'kwabwino, koma scrub imangotsimikiza kuti mabuloko ali monga analembedwera, ndipo siingadziwe kuti pulogalamu inalemba theka la fayilo. Pa chifukwa chimenechi, pofufuta ma snapshot muziyambira akale kwambiri ndipo musiye yomaliza imene inatengedwa disiki isanadzaze, chifukwa ndi mmene mungatengemo makope athunthu a mafayilo owonongekawo. Pa ZFS mudzawapeza mu foda yobisika ya .zfs/snapshot, pamene pa Snapper ali mu .snapshots, ndipo zfs diff kapena snapper status imatchula mafayilo onse amene asintha kuchokera pa snapshot imeneyo. Mukatsimikiza kuti zonse zili bwino, bwezerani refreservation kapena fayilo ya pangozi ija, chepetsani masiku osungira ma snapshot kuti agwirizane ndi kukula kwa disiki, kenako yatsaninso ntchito yotenga ma snapshot imene munaimitsa.